Mzere wa pa Mwendo Wanga

Lachiwiri, 6 Meyi

Andigoneka. Ndinabwera kuti angonditsuka chilonda n'kundipatsa mapiritsi, koma nesi atamasula kansalu komwe ndinamanga kuphazi, anakwinya nkhope n'kupita kukaitana mnzake. Anthu awiri akamayang'ana phazi lako osakuyang'ana kumaso, umadziwiratu kuti lero sukagona kwanu.

Chilonda chili kunsi kwa chala chachikulu cha phazi lamanja. Limeneli ndiye phazi lomwe ndimapalasira makina osokera, lomwe lalera ana anga onse. Chilondacho sichipweteka, n'chifukwa chake sindinachilabadire. Dokotala wa m'wodi muno, mnyamata wamtali wowerama msana, akuti kusapwetekako ndiye vuto lenileni: shuga wapha mitsempha, phazi silimvanso kanthu. Anandiuza kuti nditsinzine kuti andibaye ndi kachitsulo. Ine ndinali kudikirabe kuti ayambe, iye atamaliza kalekale.

Shuga wafika pa 24, akuti wakwera kwambiri. Andiika dilipi ya mankhwala opha tizilombo, ndipo ayamba kundibaya insulini. Mapiritsi anga aja akuti sakukwaniranso.

Bambo a ana andibweretsera bulangete, kapu, ndi kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala. Ndayamba kulemba kumasamba akumapeto kuti manja asangokhala. Ndikuopa.

Lachitatu, 7 Meyi

Kuno tulo si tako. Kukangocha amakubaya chala kuti aone shuga, kenako jakisoni, kenako tiyi wopanda shuga yemwe amangomveka ketulo. Akatero wokolopa amabwera kudzagunda miyendo ya bedi lililonse, ngati akufuna kutsimikiza kuti tonse tili moyo.

Pabedi la kumanja kwanga pali mayi wina yemwe aliyense amamutchula kuti Aphunzitsi. Ntchito anapuma, koma pakamwa sipanapume, amachonga ngakhale kayalidwe ka bedi ka manesi. Nawonso ndi a shuga. Pansi pa bulangete lawo, mwendo umodzi umathera m'munsi mwa bondo. Ndinayesetsa kuti ndisayang'ane, koma anandipezerera ndikuyang'ana.

"Yang'anani ndithu, atelala, sindilipiritsa," anatero. "Wanga unayamba ndi chikhadabo."

Chakudya cha masana sichinatsike kukhosi.

Bambo a ana abwera madzulo. Iwo ndi ometa, ndipo amakhulupirira kuti palibe vuto lomwe nthabwala singalichepetse. Akuti makasitomala anga akufunsa ngati ndathawa ndi nsalu zawo. Ndinaseka pang'ono kuti ndisawakhumudwitse, koma maso anga anali pabulangete la Aphunzitsi.

Shuga 19.

Lachinayi, 8 Meyi

Andijambula mafupa a phazi. Zotsatira akuti aziona madokotala okha.

Nesi wamkulu, yemwe tonse timamutchula kuti Sisitala, ndiye wanditsuka chilonda lero. Amachotsa nyama yakufa ndi kalumo, ine ndikuonerera ngati akusenga phazi la munthu wina. Fungo lokha ndiye ndimalimva. Ndinachita manyazi, ndinati pepani. Anati, "Mukupepesa chiyani? Ine ndinayamba kupuma mpweya umenewu musanayambe n'komwe kudwala."

Kutupa kwadutsa pakakolo. Khungu lafiira, likunyezimira, ndipo likutentha ukaligwira ndi dzanja. Thupi nalonso likutentha, mutu uli waa.

Alamu anga, achemwali awo a bambo a ana, abwera ndi mabisiketi ndi botolo lalikulu la chakumwa chotsekemera. Akuti wodwala amafunika mphamvu. Anandithirira m'kapu okha n'kuimirira pompo mpaka nditamwa. Munthu wamkulu wakwera mabasi awiri chifukwa cha ine, ndikanakana bwanji? Madzulo shuga 26. Sisitala anandiyang'ana, kenako anayang'ana botolo lija pansi pa bedi.

Lachisanu, 9 Meyi



Dokotala wamtali wabwera m'mawa ndi gulu la ophunzira ake. Anakweza chovala changa mpaka m'bondo n'kuyamba kusisita mwendo ndi kuseri kwa dzanja, kuchokera kuphazi kumakwera. Pakati pa kakolo ndi bondo anaima. Anafufuza m'matumba mwake osapeza chomwe amafuna.

"Mayi, tandibwerekani cholemberacho."

Ndinamupatsa cholembera changa chomwechi. Anajambula mzere kuzungulira mwendo wonse. Anaugogoda kawiri ndi chala uku akulankhula ndi ophunzira aja m'chilankhulo chawo cha madokotala, iwo akugwedeza mitu. Kwa ine anangoti, "Mzerewu ukhale pomwepa." Foni yake inalira, anatuluka, gulu lonse pambuyo pake.

Ine ndajambula mizere moyo wanga wonse. Mzere ukajambulidwa pansalu, chotsatira ndi sizasi. Palibe telala amene amawononga choko kujambula mzere wokongoletsa. Aphunzitsi anali atapita kukaphunzira kuyendera ndodo, ndipo atabwerako n'kukhala pabedi, ndinawayeza ndi maso. Diso langa silinama pamiyezo. Pomwe mwendo wawo umathera ndi pomwepo pomwe pali mzere wanga.

Sisitala anadutsa kangapo. Ndikanamufunsa. Koma ndinaona ngati ndikafunsa, iye n'kuyankha kuti inde, ndiye kuti basi zatsimikizika. Ndinangomusiya azidutsa.

Kenako ndinayamba kuganiza ngati telala. Chilonda chili kuchala. N'chifukwa chiyani akufuna kutaya mwendo wonsewo? Achinyamata onse ndi choncho, amadula mowononga chifukwa nsaluyo si yawo. Ndiponso kushopu ndikajambula ine, wodula amangotsata choko, safunsa kuti wajambula ndani. Ndinaganiza kuti kunonso wojambula ndi wina, wodula ndi wina.

Masana anthu akupuma ndinakoka mtengo wa dilipi mpaka kubafa. Ndinapaka sopo pathaulo n'kukwecha mpaka mzere unachoka. Ndinajambula wina m'munsi mwa kakolo, wodutsa pamwamba pa phazi, chidendene n'kuchisiya kunja. Munthu akakhala ndi chidendene angathe kupalasabe makina, ndayesapo nthawi ina nditavulala chala. Mzere wanga ndi woongoka kuposa wake.

Bambo a ana sindinawauze. Anandifunsa kuti bwanji ndikutuluka thukuta chonchi, ndinati n'kutentha thupi.

Loweruka, 10 Meyi

Ndikulemba madzulo. Lero ndatsala pang'ono kudzidulitsa mwendo ndekha.

Dokotala wamtali sagwira ntchito Loweruka. Kunabwera wina, mayi wamng'ono thupi wovala magalasi. Anawerenga fayilo yanga, anavundukula mwendo, n'kungoti chilili. Anayang'ana mzere, anayendetsa dzanja kukwera mpaka pakatumba, anabwereranso pamzere. Ameneyu amalankhula zomveka, ndipo ndikanakonda akanakhala kuti ndiye anabwera dzulo.

"Mayi, mzere uwu anajambula mnzanga dzulo kusonyeza pomwe matenda analekezera. Timatero kuti tione ngati mankhwala akugwira ntchito. Dzulo analekera apa. Lero onani pomwe afika. Akathamanga chonchi tsiku limodzi, sitidikira. Musadyenso kanthu, musamwe ngakhale madzi. Ndikuitana dokotala wa opaleshoni. Akatsegula akapeza kuti nyama yafa, angafunike kudula kuti mupulumuke."

 Mzere uja sunali wodulira. Unali malire chabe, ndipo ine ndinawasuntha ndi manja angawa.

Ndikanayankhula pompo.  Koma wodi yonse inali chete kumvetsera, ndipo ndinaganiza kuti ndikaulula andikalipira pagulu, mwinanso kundithamangitsa kuti ndikadzichize ndekha poti ndine wodziwa. Mayi wamkulu ngati ine, wa zidzukulu, kufufuta zolemba za dokotala kubafa ngati mwana wasukulu. Dokotala anachoka ine ndisanatsegule pakamwa.

Anaimbira bambo a ana. Anafika akupuma wefuwefu, atavalabe jasi lawo loyera la kushopu, tsitsi la anthu lili m'manja mwa malaya. Akuti anasiya munthu atametedwa mbali imodzi. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kugwira phazi langa lamanzere. Nthabwala zinatha. Anangoti, "Ine ndikadula zimamera, mayi. Izi ndiye ayi." Sindinawaonepo akulira chimwalirireni mayi awo.

Manesi anabweretsa chovala chotsegula kumbuyo cholowera ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Apo Aphunzitsi anandikodola kuti ndisendeze khutu.

"Atelala, ine ndachonga makope a ana zaka zambirimbiri. Pofufutidwa ndimapadziwa. Munena nokha, kapena ndikweze dzanja?"

 Dokotala wa opaleshoni analowa, bambo wonenepa wa manja akuluakulu, pepala loti ndisayine lili m'manja. Anayamba kufotokoza. Ndinamva mawu anga akutuluka ngati a munthu wina.

"Adokotala, mzerewo ndajambula ndine. Wa anzanu unali pamwamba. Ndinaufufuta ndi sopo."

 Bambo a ana anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinafotokoza zonse, za sizasi, za chidendene, maso ali pansi. Sisitala anatembenuza mwendo wanga n'kuyang'ana kuseri kwa katumba, komwe dzanja langa silinafike bwino pokwecha. Kunali katsalira ka inki kosaoneka bwino. Kufiira kunalekera pomwepo ndendende.

"Ndiye kuti sakuthamanga," anatero wa opaleshoni uja. "Koma sakubwereranso. Tidikira." Anatenga cholembera chachikulu chakuda, anajambulanso mzere pamalo pake n'kulembapo tsiku. Asanachoke anati, "Mayi, tikanakung'ambani mwendo wonsewu lero kufunafuna matenda omwe kulibe."

Dokotala wa magalasi ndiye anakwiya zenizeni. Anandifunsa kuti bwanji sindinafunse. Ndinati ndimaopa yankho. Anavula magalasi, anapukuta, anati, "Mwendowu ndi wanu. Ife timasinthana, lero ine, mawa wina. Amene amakhala nawo tsiku lililonse ndinu. Muzifunsa mpaka titope nanu."

Andisinthira mankhwala a m'dilipi, akuti awa ndi amphamvu kuposa oyamba aja.

Lamulungu, 11 Meyi

Thupi likutentha kwambiri. Ndasanza kawiri. Mzere ndimauyang'ana ndikangotsegula maso. Kufiira kuli pomwepo.

Wodi yonse ikunditchula kuti Adokotala. Ndilibe mphamvu zoyankhira.

Shuga 17.

Lolemba, 12 Meyi

Kutentha thupi kwatsika. Kufiira kwabwerera m'munsi mwa mzere, mpata wokwana zala ziwiri. Ndinayeza ndekha dokotala asanabwere, kenako ndinayezanso poopa kuti maso akundinamiza.

Dokotala wamtali nkhani anaimva kale. Ndimayembekezera kuti andilalatira, koma anakhala pampando, koyamba chibwerereni ine, n'kunena kuti, "Ndikanakuuzani ntchito ya mzere uja." Ine ndinati, "Inenso ndikanafunsa." Tinasiyira pomwepo.

Kenako anatulutsa chithunzi cha mafupa chija. Matenda alowa m'fupa la chala chachikulu. Mankhwala safika bwino m'fupa lowola, ndipo chalacho chikatsala chizidyetsa matenda phazi lonse. Chiyenera kuchoka.

Lachisanu lija sindinafunse kanthu, koma lero ndinatsegula pakamwa.

"Mudula pati? Ndilozereni ndi chala, cholembera ayi."

Anandilozera, patsinde pa chala.

"Mukakapeza kuti zapitirira, mukapitirizanso ine ndili mtulo?"

Anati sandigoneka tulo, angopha mwendo wokha ndi jakisoni wa pamsana, ndipo akapeza zina andiuza kaye. Ndinafunsa ngati ndidzapalasenso makina. Anati chilonda chikapola bwino, shuga akatsika, ndipo ndikamavala nsapato yoyenera, n'zotheka. Mawu akuti "chikapola" anawanena pang'onopang'ono. Akuti mapazi a shuga sachedwa kubwerera kuchipatala, ndipo akabwerera kachiwiri kawirikawiri sizithera pachala.

Ndinafunsa mafunso mpaka ophunzira ake anayamba kusuntha miyendo. Ndasayina ndikudziwa chomwe ndikusayina. Mantha sanachepe ayi, koma tsopano ndikudziwa kukula kwake kwa chomwe ndikuopa.

Lachiwiri, 13 Meyi

Sindinadye. Ndavala chovala chotsegula kumbuyo chija, chosokedwa moipa, mpendero wake wokhotakhota. Ndayang'ana chala changa nthawi yaitali. N'chakuda, chonyansa, koma n'changa.

Akubwera ndi bedi la matayala.

Lachinayi, 15 Meyi

Dzulo sindinathe kulemba. Mutu umapweteka ndikangodzuka, akuti ndi jakisoni wa pamsana uja.

Ndinamva zonse ku fiyeta. Anatchinga ndi nsalu yobiriwira kuti ndisaone, koma makutu sanatchinge. Pali kaphokoso kena komwe sindilemba pano. Dokotala wonenepa uja anasuzumira pamwamba pa nsalu n'kunena kuti, "Chala chokha, mayi. Fupa lotsatira ndi loyera." Ndinalira mpaka nesi anandipukuta m'makutu.

Lero Sisitala wamasula bandeji. Anandifunsa ngati ndikufuna kuona kapena atchinge. Ndinati ndione. Phazi laoneka lachilendo, lopapatiza, zala zinayi zili ndondondo ngati zikudikira mnzawo. Chilonda sanachitseke chonse, akuti chizipola kuchokera m'kati. Ndinafunsa kuti ndingadziwe bwanji ngati chikuipa. Anati fungo, mafinya, kutentha, kapena m'mphepete mukayamba kuda. Ndinamuuza kuti abwereze, anabwereza.

Kufiira kwa pamwendo kwatsika mpaka pakakolo. Shuga 13.

Loweruka, 17 Meyi

Sisitala wakana kundibaya insulini. Anandipatsa jakisoni m'manja n'kupinda mikono.

"Kunyumba kwanu ine kulibe. Bayani."

Ine amene ndagwira singano kuyambira ndili mtsikana, ndinaigwira ngati sindinaionepo. Ndinatsina khungu la pamimba n'kukhala choncho nthawi yaitali. Aphunzitsi anati, "Adokotala athu akuopa jakisoni." Ndinabaya chifukwa cha mkwiyo. Sizinapweteke n'komwe. Sisitala wandiphunzitsanso kuyeza shuga ndekha, ndi zoyenera kuchita akatsika kwambiri: thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, apo ndiye nditafune kanthu kotsekemera msanga. Chinthu chomwecho chingandiphe chikachuluka, chingandiphenso chikasowa.

Masana alamu anga abweranso ndi botolo lina. Abweranso ndi kachitini ka mafuta akuda omwe akuti anachiritsa mnzawo wa kutchalitchi, ndipake pachilonda manesi akatuluka. Anayamba kuthira m'kapu. Ndinaika dzanja pamwamba pa kapuyo.

"Alamu, zikomo, koma sindimwa. Mafutawonso bwererani nawo."

"Ndiye ndabwera kudzakuphani ine?"

"Ayi alamu. Koma tsiku lija nditamwa, shuga anakwera kwambiri."

"Kale simunkayankha chonchi. Achimwene, mukumva akazi anu?"

Bambo a ana anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Alamu analongedza zinthu zawo, anatsanzika wodi yonse kupatula ine. Zandiwawa, chifukwa mayi ameneyu ndiye anandisambitsa nditabereka mwana woyamba. Ndinatembenukira kukhoma kuti Aphunzitsi asaone nkhope yanga. Patapita nthawi anandiponyera nthochi yaing'ono pabulangete n'kunena kuti, "Theka lokha."

Lolemba, 19 Meyi

Achotsa dilipi, tsopano ndi mapiritsi. Andilola kuyenda pang'ono, koma ndisapondere kutsogolo kwa phazi. Ndikuyendera chidendene, nditavala patapata wamkulu wa bambo a ana chifukwa nsapato zanga sizilowa ndi bandeji. Ndayenda mpaka kukhomo la wodi kangapo, mwina mopitirira muyezo, poti ndikufuna aone kuti ndalimba.

Aphunzitsi atuluka lero. Mwana wawo anabwera ndi njinga ya olumala. Atakhalapo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Ine anandiuza zonse zomwe akukuuzani inuzi, atelala. Ndinkati ndayamba mawa. Musadzabwere kudzandipeza kuno."

Sanadikire yankho. Bedi lawo analiyala mofulumira, pofika masana panali kale munthu wina.

Sisitala akuti phazi losamva limafuna maso. M'mawa ndi madzulo ndiziyang'ana paliponse, pakati pa zala, kunsi, kuchidendene, mpaka tsiku lomwe ndidzafe. Ndinamuuza kuti msana wanga sundilola kuona kunsi kwa phazi. Bambo a ana atamva anati ntchito imeneyo ndi yawo, ndipo madzulo anabwera ndi kagalasi kam'manja komwe amaonetsera makasitomala kunkhongo. Anandigwirira kuphazi n'kufunsa, "Bwana, takumetani bwino?" Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Dokotala wamtali akuti ndikapitiriza chonchi, Lachitatu ndipita kwathu. Ndizibwera kudzatsukitsa chilonda.

Lachiwiri, 20 Meyi

Shuga 9 m'mawa. Ndadzibaya ndekha.

Ndikulakalaka kwathu moti chifuwa chikuchita kuwawa. Ndikufuna bedi langa, khomo lotseka, tiyi wa m'kapu yanga. Makina anga ndikufuna ndingowavundukula, ndiwathire mafuta, ngakhale sindipalasa msanga. Mwana wanga wamkazi waimba foni, akuti wakolopa nyumba yonse ndipo zidzukulu zajambula maluwa papepala n'kumata pachitseko.

Koma ndikuopanso. Kuno ndikalakwitsa pali wondigwira. Kwathu kuli ine ndekha ndi phazi lomwe silindiuza kanthu.

Ndayendanso kwambiri lero, mpaka panja pomwe pali dzuwa.

Lachitatu, 21 Meyi

Dokotala wamtali anabwera m'mawa, anayang'ana chilonda cha chala, anati chikupola bwino, anasayina. Nesi anamanga bandeji yatsopano. Mankhwala ndinalandira. Bambo a ana anatseka shopu, anapempha kasitomala wawo wina kuti atinyamule pagalimoto yake, ndipo munthuyo anali panja akudikira. Katundu yense anali m'chikwama, bulangete litapindidwa. Pakhomo la wodi panali mayi wina atakhala pabenchi ndi mwana wake, kudikira bedi langa.

Nditatsala pang'ono kuvala patapata, ndinakumbukira kuti sindinayang'ane phazi. Ndinati bambo atulutse kagalasi. Anadandaula kuti kali pansi penipeni pa chikwama, tikayang'ane kunyumba. Ndinati atulutse.

Kuchidendene, kumbuyo komwe bandeji sifika, kuli thuza. Ndi laling'ono ngati batani la malaya, koma m'kati mwake ndi mwakuda. Ndinalidina ndi chala. Sindinamve kanthu. Ndi kuyendera chidendene kuja, ndi patapata wosakhala wanga. Dokotala sanalione chifukwa ndinali nditagoneka phazi pamatiresi, iye akuyang'ana kutsogolo.

Bambo a ana anasuzumira m'galasi, kenako anayang'ana kukhomo.

"Mayi, kakang'ono aka. Tikapaka mankhwala kunyumba. Mubweranso Lachisanu kudzatsukitsa, mudzawaonetsa pomwepo. Munthu akudikira panja."

Sanalankhule mwankhanza. Atopa, aonda, akhala akugona okha ndi kudya zosapsa. Inenso mtima wonse unali kale m'galimoto muja. Palibe akanadziwa. Ndikanavala patapata, thuza likanabisika, ndipo bwenzi pano ndili pakhonde panga zidzukulu zili pamiyendo. Ndinakhala phazi lili m'manja, ndikumva mayi wa pabenchi uja akubuula.

"Chinatenga chala chija chinayambanso chonchi, bambo," ndinatero.

Ndinaitana Sisitala. Mawu anatuluka aang'ono, sanamve. Ndinaitananso mokweza, mpaka wodi yonse inatembenuka.

Anabwera, anagwada, anayang'ana nthawi yaitali. Anadina m'mphepete mwake, ananunkhiza. Ndinafunsa ngati ndi choopsa. Anati sakudziwa kuya kwake mpaka dokotala alitsegule, ndipo chidendene chikagwidwa matenda chimavuta kuposa chala, chifukwa fupa lili pafupi. Ndinafunsa ngati ndipite kwathu. Anati, "Mukanakhala mayi anga, sindikanakulolani."

Mayi wa pabenchi uja amupezera matiresi pansi pafupi ndi zenera. Sindikutha kumuyang'ana kumaso. Bambo a ana anatuluka kukauza mwini galimoto kuti azipita.  Atabwerako anatsegula chikwama, anatulutsa bulangete n'kuliyalanso, kapu anaibwezera pakabati. Kenako anatenga foni n'kupita pakhonde kukauza mwana wathu kuti asaphike zambiri.

Dokotala abwera masana. Phazi ndaliika papilo, chidendene chili m'malere kuti chisakhudze kanthu. Ndikuopa kuposa tsiku lomwe ndinabwera, chifukwa tsiku lija sindinkadziwa chomwe kachilonda kakang'ono kamatha kuchita. Kagalasi ndakakana kuti kabwerere m'chikwama. Ndayang'ananso pompano, thuza silinakule.